Mafunso ndi mayankho: mmene Atchaina amajambulira ubwana wawo ndi inki ndi madzi

Zithunzi zimenezi mwina munaziwonapo zikuyenda pa Facebook kapena pa status ya munthu. Kamwana kamutu waukulu, masaya ofiira, kakukoka kaiti kapena kagona chagada pamsana pa njati, kumbuyo kwake kulibe chilichonse ndi pepala loyera basi, m'mbali muli timalemba ta Chitchaina ndi kachidindo kofiira. Anthu akaziona amafunsa mafunso omweomwewo nde ndangowasonkhanitsa apa. Ena ndayankha mwachidule, ena ndatalikitsa dala chifukwa nkhani yake ndi yokoma.

Kodi kajambulidwe kameneka ndi kati kwenikweni?

Ku China kujambula kwa makolo kuli panjira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba amati gongbi, iyi ndi ya anthu ofatsa, munthu amalemba mzere uliwonse ndi kaburashi kosongoka, tsitsi limodzilimodzi, nthenga imodziimodzi, utoto nkumapaka mobwerezabwereza mpaka masabata kutha chithunzi chimodzi chisanathe. Yachiwiri ndi xieyi, ndiyo tikukamba pano. Apa wojambula sakulimbana ndi zoti chinthu chifanane ndendende ndi mmene diso likuchionera, iye akufuna agwire khalidwe lake, mmene mwana wapendekera pothamanga, mmene njati yalemerera m'madzi, ndipo amachita zimenezi ndi mizere yochepa, mwachangu, burashi ikangokhudza pepala zatha palibe zofufuta. Burashi yake ndi yomweyo imene amalembera zilembo zawo, nchifukwa chake ndakatulo imene ili m'mbalimo musaione ngati chokongoletsa chongowonjezera, imawerengedwa kuti ndi mbali ya chithunzicho.

Si zadzulo ayi. Liang Kai cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200 anali atajambula kale chimunthu choledzera ndi mabanga ochepa a inki. Xu Wei, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1521 mpaka 1593, ndiye anatayirira zenizeni, mphesa zake ukaziyandikira ungati inki inangotayika mwangozi koma ukabwerera m'mbuyo pang'ono ndi mphesa ndithu. Kenako kunabwera Bada Shanren ndi mbalame zake zoyang'ana mwamwano zija, kenako Wu Changshuo, mpaka kufika kwa Qi Baishi amene timukamba kwambiri kutsogoloku.

Si penti ya madzi yomweyi imene tinkapaka kusukulu?

Zimafanana poti zonse zimasungunulidwa ndi madzi koma ukagwira burashi umadziwa kuti ndi zinthu ziwiri. Penti ya madzi ya azungu imagwirana ndi utomoni wa mtengo, pepala lake ndi lokhuthala silimwa msanga, ukalakwitsa umatha kunyowetsa nkupukutako. Ya ku China, inki ndi utoto womwe, amaikamo guluu wa zikopa za nyama, zikauma zauma. Pepala lake amati xuan, ndi lopyapyala ndipo limamwa madzi nthawi yomweyo, ukangochedwa ndi burashi pamalo amodzi kadontho kamayenda nkukhala chibanga. Chinanso, kwa iwo mwini nkhani ndi inki yakuda, mitundu inayo imangobwera kudzathandiza. Inki imodzi yomweyo amati ili ndi mitundu isanu, kuyambira yakuda bii youma mpaka yotuwa yoti sungaione bwino.

Nanga ubwana ukulowa bwanji pamenepa?

Awa ndi maganizo anga, wina atha kutsutsa. Tayesani kukumbuka mnzanu amene munkasewera naye musanayambe sukulu. Nkhope yake simungaione bwinobwino, mphuno inali yotani kaya, koma mukukumbuka kathamangidwe kake, kabudula wong'ambika pambali, mmene ankaimira akakwiya. Zimene zimatsala m'mutu ndi zomwezo zimene xieyi imajambula, ndipo zimene zinafufutika m'mutumo ndi zimene xieyi imasiya poyera. Wojambula akasiya theka la pepala lopanda kanthu, woonayo amaikapo mtsinje wa kwawo, munda wa kwawo, nde chithunzi cha mudzi wa ku Hunan chimatha kumugwira munthu amene sanapondeko ku China.

Qi Baishi ankati ukoma wa chojambula uli pakati pa kufanana ndi kusafanana, chikafanana kwambiri ndekuti ukungofuna kusangalatsa anthu, chikapanda kufanana ndekuti ukuwapusitsa. Sankanena za ana okha koma pa ana ndi pamene mawuwa amagwira ntchito heve. Mwana wojambulidwa bwino kwambiri, zikope zonse kuoneka, amakhala mwana wa eni ake, suungadzione iweyo mwa iye.

Ndekuti Atchaina akhala akujambula ana chonchi kuyambira kale?

Ana akhala akujambulidwa kuyambira kale inde, koma cholinga chinali china. M'zaka za m'ma 1100 kunali Su Hanchen, wojambula wa kunyumba ya mfumu, chithunzi chake chotchuka cha ana awiri akusewera ndi tizidole pakampando m'dimba nthawi ya masika chili ku National Palace Museum ku Taipei. Ndi gongbi, pa nsalu ya silika, ana a kumpanda ovala bwino. Kunalinso zithunzi za ana zana, pafupifupi onse anyamata, zimene ankaika pa mbale, pa nsalu za ukwati ndi m'zipinda za akwati. Ndiponso zithunzi zodinda za chaka chatsopano monga za ku Yangliuqing pafupi ndi Tianjin, chikhanda chonenepa chitakumbatira chinsomba. Zonsezi zinali zofunira anthu mafuno abwino, kuti mubereke, makamaka ana aamuna, banja lisathe. Wojambula sankakumbukira kalikonse pamenepo.

Xu Wei yekha tingamupatule, atakalamba anajambula ana akuulutsa makaiti nkulembapo ndakatulo yoti iyenso ankaseweretsa kaiti kale, sanadziwe kuti angakalambe chonchi. Koma zoti munthu wamkulu akhale pansi nkumajambula ubwana wakewake ngati nkhani yaikulu ya moyo wake, zinakula m'zaka za m'ma 1900, dziko litayamba kusintha mwachangu anthu nkumachoka m'midzi.

Qi Baishi amene mukumutchulatchulayu anali ndani?

Mkuluyu anabadwa mu 1864 ku Xiangtan m'chigawo cha Hunan, banja la alimi osauka. Sukulu anangopondako osakwana chaka, kwa agogo ake aamuna obala mayi ake amene ankaphunzitsa ana m'mudzi, kenako pakhomo panavuta anabwerera kukaweta ng'ombe ndi kutola nkhuni. Thupi linali lofooka, khasu silinamuyanje, nde anamupereka kwa kalipentala, kumenekonso mitengo ikuluikulu inkamukanika mpaka anasamukira ku ntchito yosema maluwa pa mabedi ndi makabati. Tsiku lina akugwira ntchito pakhomo pa kasitomala anapeza buku lakale lophunzitsa kujambula, anabwereka, nkumakopera tsamba ndi tsamba usiku kwa miyezi. Aphunzitsi enieni a kujambula ndi ndakatulo anawapeza atapitirira kale zaka 20.

Ku Beijing anakakhazikika mu 1919 ali ndi zaka 55, pothawa chipwirikiti cha asilikali ndi achifwamba kwawo. Poyamba zojambula zake sizinkagulidwa, anthu ophunzira a mu mzindamo ankamuona ngati kalipentala wa kumudzi basi. Mnzake Chen Shizeng ndi amene anamulimbikitsa kuti asiye kutsanzira akale apange zakezake, nde anayamba za maluwa ofiira psuu masamba akuda, ndipo mu 1922 Chen anatenga zojambula zake kupita nazo ku Tokyo zonse nkugulidwa pa mtengo wabwino. Kuyambira pamenepo dzina linamveka.

Chimene chimandisangalatsa ine nchakuti atatchuka mu mzinda waukulu sanayambe kujambula za mu mzinda. Ankajambula kabichi, maungu, anapiye akulimbirana nyongolotsi, achule, nkhanu, makoswe pa nyale, ngakhale reki ya nsungwi imene ankakokera zinyatsi zoyatsira moto ali mwana, chinthu choti wojambula wophunzira wa nthawi imeneyo sakanachiika papepala olo pang'ono. Ma shrimp ake otchuka, tizilombo ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu, nawonso ndi a ubwana, analembapo yekha kuti zaka 50 zapitazo ali kamwana ankawawedza ndi thonje ngati nyambo. Atakula ankawasunga amoyo m'mbale ya madzi patebulo nkumawayang'ana, ndipo zaka zikamapita ankachepetsa timiyendo tawo papepala mpaka tinatsala tochepa kuposa ta shrimp weniweni, koma ndi pamene anayamba kuoneka amoyo. Anamwalira mu 1957.

Ndamva za kabelu kenakake, nkhani yake ndi yotani?

Iyi ndi imene ndimaikonda kuposa zonse. Qi ali kamnyamata koweta ng'ombe, agogo ake aakazi ankada nkhawa naye chifukwa anali wodwaladwala, woombeza anali atanenanso kuti mwanayu achenjere ndi madzi. Nde anamugulira kabelu kamkuwa nkumumangirira m'khosi ndi chingwe chofiira. Dzuwa likamalowa agogowo ankaima pakhomo kudikira, akangomva kabelu kakulira chapatali ankadziwa kuti mwana akubwera, nkulowa kukakonza chakudya.

Kabeluko kanadzatayika pa nthawi ya chipwirikiti chija. Iye anakapangitsa kena kakang'ono nkumakamangirira pa lamba mpaka ukalamba, anasemanso chidindo chodzitchula kuti munthu wovala belu. Atapitirira zaka 80 anajambula kamnyamata kakukoka ng'ombe pa chingwe chachitali kubwerera kunyumba, nkulembapo ndakatulo yoti agogo mtima unkakhala pansi akamva belu. Agogowo pachithunzipo palibe, nyumba imene akudikirirako ili kunja kwa pepala. Amene sakudziwa nkhaniyi amangoona mwana ndi ng'ombe, zokongola basi, koma chithunzicho chili pa munthu amene sanajambulidweyo.

Nanga uja amajambula ana ake omwe?

Ameneyo ndi Feng Zikai, anabadwa mu 1898 ku Shimenwan, katauni ka m'mbali mwa ngalande m'chigawo cha Zhejiang. Kwawo anali ndi shopu yonyika nsalu nde utoto wake woyamba anautenga mu shopumo nkupaka zithunzi za m'buku la sukulu, bambo ake nkumukalipira. Ku sukulu ya aphunzitsi ku Hangzhou anaphunzitsidwa ndi Li Shutong, amene pambuyo pake anasiya zonse nkukhala mmonke wa chipembedzo cha Buddha dzina lake Hongyi. Mu 1921 Feng anapita ku Japan kwa miyezi pafupifupi 10, ndalama zinali zochepa, koma kumeneko anaona tizithunzi ta Takehisa Yumeji ta mizere yochepa tokhudza mtima nkuona kuti njira ndi imeneyi. Buku lake loyamba la zojambula linatuluka mu 1925.

Ena amakana kumuika m'gulu la xieyi, amati ndi wa makatuni. Kwa ine ndi mkangano wopanda pake, burashi ndi yomweyo, inki yomweyo, kusiya malo oyera komweko, ndipo pambuyo pake anayambanso kupaka mitundu yopepuka. Kusiyana kwake ndi Qi nkwakuti Feng ankajambula ubwana ukuchitika pamaso pake, m'nyumba mwake. Mwana wake wamkazi A Bao anavula nsapato zake, natenganso nsapato zatsopano za mng'ono wake, nkuveka miyendo inayi ya kampando, iye ataima pansi ndi masokosi nkumanyadira kuti A Bao miyendo iwiri, mpando miyendo inayi. Mayi ake anangoona masokosi akuda nkumunyamula, bambo anaona chithunzi. Mwana wake wamwamuna Zhanzhan anatenga zokupizira mphepo ziwiri zozungulira za masamba a kanjedza, china kutsogolo china kumbuyo pakati pa miyendo, basi njinga yapezeka. Mizere ya chithunzi chimenecho mutha kuiwerenga, koma mwanayo akupalasa ndi mtima wonse.

Nde mungafunse kuti kupukwa kuli pati poti anawo anali pompo. Feng analemba yekha mu 1926 kuti akujambula zimenezi akudziwa kuti pamene anawo azidzamvetsa zimene akunena, adzakhala atasiya kale kukhala anthu amene akuwasirirawo. Anayamba kuwasowa asanakule nkomwe.

Moyo sunamusiye ndi zokoma zokhazokha. Nyumba imene anamanga kwawo mu 1933 anaithawa kumapeto kwa 1937 ndege za Japan zitaphulitsa tauniyo, ndipo inapsa yonse. Ali pothawa ndi banja lonse burashi yomwe ija inajambula amayi ndi makanda pansi pa mabomba. Pa nthawi ya Cultural Revolution, chipwirikiti cha ndale chimene chinayamba mu 1966, anazunzidwa ali nkhalamba, koma ankadzuka m'bandakucha mobisa kumalizitsa lonjezo limene anapanga kwa Hongyi, mabuku 6 a zithunzi 450 zolimbikitsa kuchitira chifundo zamoyo. Zomaliza 100 anazimaliza mu 1973, nkumwalira ku Shanghai mu 1975.

Bwanji ana ambiri alibe maso, ena angotipatsa nkhongo?

Ndi dala. Feng ankachita zimenezi kwambiri, nkhope imangokhala kamzere kozungulira ndi tsitsi, pena kakamwa kokha. Mwana amene waweramira nyerere pansi safunika maso, msana wake wanena kale zonse. Komanso tinene zoona, pa pepala lomwa madzi chonchija diso ndi malo oopsa, kadontho kakangokula pang'ono mwana amasanduka chidole chochititsa mantha, nde ongoyamba kumene ambiri amathawira kunkhongo. Kusiyanitsa katswiri ndi wothawa nkosavuta, yang'anani mapewa ndi khosi ngati zikukuuzani kuti mwanayo wakondwa kapena wakhumudwa.

Njati ndi kamnyamata pamsana zimabwerabwera bwanji?

Njati zake ndi zoweta zolimira m'minda ya mpunga kum'mwera kwa China, zofatsa, osati zolusa za kutchire zija. Kuziweta inali ntchito ya ana. Chithunzi cha mbusa pa njati ndi chakale kwambiri, alakatuli ndi akuluakulu a boma otopa ndi ofesi ankachikonda ngati maloto a moyo wopanda mabwana, ambiri a iwo asanagwirepo chingwe cha ng'ombe chibadwire.

Amene anachifikitsa patali ndi Li Keran, wa ku Xuzhou, anabadwa mu 1907 nkumwalira mu 1989. Nthawi ya nkhondo chakumayambiriro kwa m'ma 1940 ankakhala pakhomo pa mlimi kunja kwa Chongqing, chipinda chake chinagundana ndi khola, usiku ankamva njati ikupuma ndi kubzikula, nde anayamba kuijambula. Mu 1947 anakhala wophunzira wa Qi Baishi, ndipo chipinda chake chojambuliramo anachitcha malo ophunzirira kwa ng'ombe. Taonani mmene amachitira njati ili m'madzi: mabanga awiri atatu a inki yonyowa ndiwo msana, mutu ndi nyanga, miyendo palibe, madzi sanajambule olo mzere umodzi, koma umaona ndithu kuti chinyamacho chamira mpaka m'mimba. Kamnyamatako ndiye amakalemba ndi mizere yopyapyala, kachipewa kali pambali.

Mu 1960 situdiyo ya makatuni ya ku Shanghai, motsogozedwa ndi Te Wei, inapanga katuni ya mbululu zikufunafuna mayi wawo potengera kajambulidwe ka Qi, mu 1963 nkupanganso ina ya kamnyamata ka chitoliro ndi njati yake potengera Li Keran. Ana ambirimbiri anakula akuonera zimenezi, nde kwa Mtchaina wa zaka 40 kapena 50 lero inki yotuwa ija payokha ndi ubwana kale, olo akhale kuti anakulira pa fulati njati osaionapo.

Nchifukwa chani masiku ano zachuluka chonchi pa intaneti?

Chifukwa anthu ochoka kumudzi ndi ambiri zedi. Mu 1978 anthu okhala m'matauni ku China sankakwana 20 pa 100 alionse. Mu 2011 anapitirira theka, ndipo kalembera wa 2020 anapeza pafupifupi 64 pa 100. Ndekuti pali anthu mamiliyoni mazanamazana amene anabadwira pakhomo pa nkhuku ndi chitsime koma pano ali pa nsanjika ya 20, ndipo ena akabwerera kwawo amapeza mudzi unagwetsedwa pali msewu kapena fakitale. Onjezanipo lamulo la mwana mmodzi limene linayenda kuyambira cha mu 1980 mpaka 2015, muona chifukwa chake chithunzi cha ana asanu ndi awiri akukanganirana pa mtengo umodzi chimawagwira mtima anthu amene anakula okhaokha. Pa masamba a mchezo a ku China monga WeChat, Douyin ndi Xiaohongshu mavidiyo a dzanja likujambula kamwana mu mphindi imodzi amayenda kwambiri, ndipo sinanga xieyi ndi yachangu, imakwana bwinobwino mu kavidiyo kafupi.

Masewera amene amaoneka kwambiri ndi ati?

Makaiti ndiye nambala wani, mzinda wa Weifang umachititsa chikondwerero chake chaka ndi chaka kuyambira 1984. Kenako kumenyanitsa nkhululu m'kambale, kukola nyenje ndi ndodo yaitali ya nsungwi yopaka zomata kunsonga, kuthamangitsa atombolombo, kumenya kampira ka nthenga ndi phazi, kudumpha lasitiki, kuba zipatso pa mpanda wa aneba, kuyatsa makombola pa chaka chatsopano dzanja lina litatseka khutu, ndi tanghulu, tizipatso tofiira totungidwa pa kamtengo nkuviikidwa mu shuga. Palinso kuyendetsa mkombero wachitsulo ndi kawaya, chimodzimodzi mmene ana kwathu kuno amathamangitsira limu ya njinga ndi kamtengo.

Koma sizonama zimenezi? Ubwana wa kumudzi unali wokoma chonchi?

Funso labwino, ndipo yankho langa ndi lakuti zambiri zimene zikuyenda pa intaneti ndi shuga yekhayekha. Ana onse onenepa, onse akuseka, agogo akumwetulira pakhonde, galu wachikasu pambali. Munthu amene anali mwana kumudzi ku China pakati pa 1959 ndi 1961 anakulira mu njala imene inapha anthu mamiliyoni ambiri. Ndipo ana a kumudzi a posachedwapa ambiri anakula makolo ali kutali ku ntchito m'mizinda, lipoti la bungwe la amayi la dzikolo la 2013 linati analipo oposa 61 miliyoni, makolo nkumawaona kamodzi pachaka. Zimenezo pa tizithunzi ta masaya ofiira simuzipeza.

Sindikunena kuti aliyense azijambula njala. Koma taonani akuluakulu aja. Qi ankajambula reki chifukwa ankagwira nayo ntchito ali mwana wosapita kusukulu, kabelu kanabwera chifukwa cha mantha oti mwana afa. Feng ankajambula chisangalalo akudziwa kuti chikutha. Ine ndikaona chithunzi chotere ndimafufuza chinthu chimodzi choti wojambulayo yekha ndi amene akanachikumbuka, nsapato pa miyendo ya mpando, thonje pa chingwe chowedzera. Chikapanda kupezeka, ndekuti munthuyo wajambula ubwana wa pa kalendala, anangouona kwa anzake.

Ndikufuna kuyesa, ndipeze chani?

Atchaina amatchula zinthu zinayi: burashi, inki, pepala ndi mwala woperera inki. Maburashi otchuka amachokera ku Huzhou, a ubweya wa mbuzi ndi ofewa amasunga madzi ambiri, a ubweya wa kanyama konga likongwe ndi olimba abwino pa mizere, ndipo kwa woyamba bola wosakaniza, umodzi wapakati ndi kena kakang'ono. Inki yeniyeni ndi kamtanda kouma ka mwaye wa paini kapena wa mafuta wosakaniza ndi guluu, umakapera pamwala ndi timadzi, miyala yotchuka ndi ya ku Zhaoqing ku Guangdong. Koma musadzivute, ya m'botolo monga Yidege imagwira ntchito. Pepala la xuan lenileni limapangidwa ku Jing County m'chigawo cha Anhui kuchokera ku makungwa a mtengo wina wa komweko ndi mapesi a mpunga, UNESCO inaika luso limeneli pa mndandanda wake wa maluso a makolo ofunika kusungidwa mu 2009. Pogula onetsetsani kuti ndi losapakidwa mankhwala otchedwa alum, lopakidwalo silimwa madzi ndi la gongbi. Poyeserera pali lotchipa lachikasu la nsungwi amati maobian.

Mitundu isakhale yambiri, indigo, yachikasu, yofiirira ngati dothi ndi yofiira basi, machubu a Marie's a ku Shanghai ndi amene ophunzira ambiri amayambira. Yachikasu ya makolo ija amati tenghuang ndi poizoni, osanyambita burashi pofuna kusongola nsonga. Pansi pa pepala yalani kabulangete kakale kuti inki isamatirire patebulo. Ngati xuan simungaipeze yeserani pa pepala la nyuzi losalembedwa, la fotokope ndiye ayi, inki imangoyandama pamwamba simuphunzirapo kanthu.

Nanga kamwanako ndiyambire pati?

Tiyerekeze kamnyamata kakuulutsa kaiti katatipatsa nkhongo. Burashi muigwire choimika, dzanja lisagone patebulo. Inyowetseni yonse, muipukute pang'ono m'mbali mwa mbale, muiviike mu inki yotuwa mpaka pakati kenako nsonga yokha mu yakuda, mukatero mzere umodzi umatuluka ndi kuda ndi kutuwa nthawi imodzi. Yambani ndi tsitsi, kugoneka burashi kamodzi. Khutu ndi tsaya timizere tiwiri. Malaya musawalembe m'mbali ayi, tengani utoto wofiira mugoneke burashi kawiri kapena katatu kuchokera paphewa kutsika, pakati pakatsala poyera pasiyeni. Kabudula inki yakuda, miyendo mizere iwiri yofulumira, wina utadzuka. Mutu ukhale waukulu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lonse, apo ayi atuluka bambo wamfupi. Tsaya likadali lonyowa donthezani kofiira kosungunuka kwambiri kayende kokha.

Chovuta kwambiri ndi chingwe cha kaiti, mzere umodzi wautali wopyapyala ndi burashi youma pang'ono, mpweya umodzi, mukaima pakati ziwoneka. Kaitiyo ikhale kakang'ono pakona pamwamba, pakati ponsepo musaikepo mtambo olo mbalame, dzanja lizikuyabwani koma lekani. Zoyamba zambiri zidzakhala zotaya, ndi mmene zimakhalira kwa aliyense.

Pepala langa lakwinyika likauma, ndalakwitsa?

Ayi, xuan imatero. Chithunzi chimamalizika akachimata pa pepala lina kumbuyo. Amachigoneka chafufumimba patebulo losalala, kuwaza timadzi, kupaka phala lamadzimadzi la sitalichi ya tirigu, kuyalapo pepala lina nkulisalaza ndi burashi yolimba, kenako kuchimata m'mbali pa bolodi chiume masiku angapo. Chikachoka pamenepo chimakhala chowongoka ndipo inki yotuwa imene inkaoneka ngati yasowa imabwerera. Apa ndi pamene guluu uja amaonetsa ntchito yake, mukachita zimenezi ndi inki ya mu peni zonse zisungunuka.

Zenizeni zimagulidwa ndalama zingati, ndipo ndingakazione kuti?

Za akuluakuluwa iwalani. Mu December 2017 zithunzi 12 za mapiri ndi mitsinje za Qi Baishi zinagulidwa pa okushoni ya Poly ku Beijing pa ma yuan 931.5 miliyoni, kuposa madola 140 miliyoni a ku America. Ndipo zabodza zake ndi zambiri kuposa zenizeni, munthu akakuonetsani ma shrimp a Qi pa mtengo wa foni dziwani kuti ndi kope. Makope abwino aliponso osabisa, shopu yakale ya Rongbaozhai mu msewu wa Liulichang ku Beijing imadinda ndi matabwa osema ndi utoto wa madzi pa xuan yeniyeni, mpaka anthu amakamba kuti Qi mwini wakeyo ankavutika kusiyanitsa kope ndi chake.

Kuona kokha ndiye nkotheka. Beijing Fine Art Academy imasunga zojambula za Qi zochuluka kwambiri ndipo imaziwonetsa kawirikawiri, ku Xiangtan kulinso nyumba yomukumbukira. Nyumba ya Feng Zikai ku Shimenwan inamangidwanso m'ma 1980 ndipo anthu amalowa kukaona, pamene zithunzi zenizeni za mabuku 6 aja zili ku Zhejiang Provincial Museum ku Hangzhou. Ngati ulendo wa ku China palibe, lembani maina atatuwa pa Google, Qi Baishi, Feng Zikai, Li Keran, musankhe zithunzi zochokera ku ma museum chifukwa za pa masamba ogulitsa zambiri mitundu anaikoleza pa kompyuta, ndipo muzikulitse mpaka muone pamene inki inayenda yokha m'mbali mwa mzere.